Dzimbiri la m'buti ya aphunzitsi

Buti yodwala imadziwika ndi mphuno maso asanaone kanthu. Mukangotukula chitseko chake pamatuluka kafungo ka chiguduli chonyowa, kosakanikirana ndi ka khasu lomwe lagona m'dimba dzinja lonse. Fungo limeneli ndidalimva koyamba ndili mnyamata ku Ndirande, pagalaja ya amalume anga, ndipo mpaka lero, ngakhale manja anga sagwiranso nyundo monga kale, ndikadutsa pafupi ndi galimoto yakale yotsekula kumbuyo, mutu umatembenuka wokha.

Galajayo lidali bwalo chabe. Padali mtengo wa mango, kashedi ka malata kosungiramo zida, ndi chidutswa cha njanji chomwe tinkasulirapo zitsulo. Amalume adaphunzira ntchito yowongola magalimoto ku Bulawayo, masiku omwe anthu akwathu ankapita ku Rhodesia ndi ku Joni kukasaka ndalama. Anzawo ankabwerako ndi njinga, masuti ndi magalamafoni. Iwo adabwerako ndi kabokosi ka nyundo zamitundumitundu, ndi tizitsulo tolemera togwirizira kuseri pomenya, tomwe ankatitcha madoli. Palibe amene ankaloledwa kukhomera msomali nyundo zimenezo. Nkhope ya nyundo ikakhala ndi chipsera, chipseracho chimadinda pagalimoto paliponse pamene wamenya.

Galimoto yomwe ndikufuna kukamba idabwera nthawi yovuta, pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, cha m'ma 1983 ndi 1984. Katundu ankazungulira njira zazitali, zipangizo za magalimoto zidakwera mtengo, zina zidasoweratu. Munthu amene adali ndi galimoto ankaisunga monga amasungira ng'ombe yomaliza m'khola. Iyi idali Peugeot 404 yoyera, ya aphunzitsi aakulu ena opuma pantchito a kumbali ya ku Thyolo.

Achinyamata a lero sangamvetse ulemu womwe 404 idali nawo. Idayamba kupangidwa m'chaka cha 1960 ku Sochaux m'dziko la France, ndipo maonekedwe ake, a tizipsepse tosongoka kumbuyo, adajambula ndi a Pininfarina a ku Italy. Injini yake idali ya 1618 cc, giya ili pachiwongolero. Chidaitchukitsa kwa ife ndi mpikisano wa East African Safari, womwe idapambana mu 1963, kenako mu 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu ya matope ndi mabampu yofanana ndi yathu yomweyi. Ku Ulaya adasiya kupanga yamtundu wa saluni mu 1975, koma ku Kenya 404 adapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Kulimba kwake kudali kosatsutsika. Koma saluniyo ilibe tchesi chapadera monga lole kapena Land Rover. Thupi lake lomwelo, malata opindidwa ndi kuwotchereredwa pamodzi, ndiwo mafupa ake. Choncho pansi pa buti pakawola, mphamvu ya kumbuyo konse kwa galimoto imayamba kuchepa.

Aphunzitsi sadabwere kudzadandaula za dzimbiri ayi. Adati fumbi likulowa kwambiri m'buti, moti zovala za mayi akunyumba zikumafika kutchalitchi zitafiira. Ankaganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Amalume adatulutsa zonse: jeke, sipanala, chingwe, kenako ziguduli zitatu zomwe zidayalidwa pansi, chapansi penipeni chitamatirira kuchitsulo. Atachikanganula, pansi pa buti padaoneka bwino ndithu, kupatula matuza angapo m'penti ndi mawanga ofiirira m'makona. Adatenga sikuludiraiva n'kundipatsa.

"Baya apa, mphwanga."

Ndidabaya mwaulemu, poopa mwini galimoto yemwe adaima pambali.

"Baya ngati ukufuna kudziwa."

Ndidakanikiza, ndipo sikuludiraiva idangolowa fwa, mpaka chigwiriro. Pansi padagwa zinyenyeswa zofiira ngati makoko a mtedza. Tidabaya pena, chimodzimodzi. Aphunzitsi adavula chipewa n'kuyamba kuchizunguliza m'manja.

Dzimbiri ndi chiswe cha chitsulo. Limafuna zinthu ziwiri zokha, madzi ndi mpweya, ndipo likayamba silikhala ngati nkhanambo youma yoteteza chilonda. Limafufuma kuposa chitsulo chomwe ladya, n'chifukwa chake penti amatukuka matuza, ndipo limamwa chinyontho ngati chinkhupule, n'kumasunga madzi pamalo pomwe likudyapo. Chomwe mukuona pamwamba chimakhala chochepa. Chambiri chili kunsi kwa penti, ndi m'misoko momwe malata awiri agonerana.

Azungu omwe amalume adagwira nawo ntchito ankati kwawo magalimoto amawola kuyambira kunsi, chifukwa m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Kuno mchere wa mumsewu kulibe. Athu amawola kuyambira m'kati, ndipo chowoletsa chimakhala chomwe tanyamula. Amalume adanunkhiza chiguduli chija, n'kufunsa ngati aphunzitsi amanyamula feteleza. Adavomera. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ankapita kumsika wa ADMARC n'kulonga matumba m'butimo, awo ndi a achibale. Feteleza ndi mchere, makamaka wa salufeti uja. Timibulu take tikatayikira m'makona timakoka chinyezi mumpweya n'kusungunuka, ndipo madzi amchere amadya chitsulo mofulumira kuposa madzi a mvula. Onjezanipo chambo chachiwisi cha ku Mangochi chokulungidwa m'thumba lonyowa, onjezanipo chiperoni cha ku Thyolo cha mu Juni ndi Julayi, pamene chinthu chonyowa chimatha sabata osauma, ndiye chiguduli pamwamba pake chophimba zonse.

Apa mpamene padali kukambirana kwakutali. Aphunzitsi adali atamva kuti kuli anthu omata mabowo otere ndi fila, phala lija louma msanga, tsiku limodzi ntchito yatha, mtengo wochepa. Zidali zoona. Ndidaziwonapo ndi maso galimoto zomwe m'mabowo mwake adafwatikamo nyuzipepala kapena sefa ya waya, n'kupaka fila pamwamba, n'kuthira penti wonyezimira. Amalume ankayenda ndi kamaginito m'thumba, kochokera m'sipika ya wailesi. Ankakayendetsa pathupi la galimoto, ndipo pomwe kakana kugwira ankadziwa kuti pamenepo pali phala, chitsulo palibe.

"Aphunzitsi," adatero, "inu mudaphunzitsa ana zaka zambiri. Mwana akabisa chilonda m'kabudula mumatani? Fila ndi wosalazira pomwe chitsulo chilipo kale. Sanyamula katundu, ndipo amamwa madzi. Ndikamata lero, mvula ziwiri zikadutsa mudzabwera tayala la sipeya likulendewera."

Adagwirizana kuti alipira kawiri, theka poyamba, theka akalandira penshoni.

Chinthu choyamba, tisanayatse moto uliwonse, kudali kuchotsa thanki ya petulo, yomwe ili kumbuyo komweko. Pankhani iyi amalume sankaseka ndi munthu. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimaphulika ndi nthunzi ya petulo yosakanikirana ndi mpweya. Tidakhuthula petulo, tidamasula mabawuti omwe adachita kufuna palafini usiku wonse kuti afewe, ndipo thankiyo ndidaisenza ndekha kukaiika kuseri kwa nyumba, kutali ndi ntheche. Tidachotsanso batire, nyale zam'mbuyo, mawaya onse odutsa m'butimo, bampala, ndi mpando wam'mbuyo, popeza nsalu ndi thonje lake zimagwira moto mwakachetechete, munthu osadziwa mpaka utsi utatuluka.

Kenako kupala. Masiku awiri ndidakhala m'buti imeneyo ndi burashi ya waya, chopalira ndi sanipepa, mpaka chitsulo chonse chidaonekera. Amalume adabwera ndi choko n'kuzunguliza malo odwala, koma mzere wawo sudatsate m'mphepete mwa mabowo. Udapita patali, zala ziwiri kapena zitatu kulowa m'chitsulo chomwe kwa ine chinkaoneka chabwinobwino. Ndidafunsa chifukwa chake tikuwononga pabwino. Adandiuza kuti ndigogode ndi kanyundo kuchokera pabowo kupita kunja, ndikumvetsera. Pafupi ndi bowo chitsulo chinkayankha mogonthera, phu, phu. Patsogolo pang'ono chidayamba kulira ngwe. Pomwe chayamba kulira mpomwe mpeni uyenera kudutsa. Chitsulo chomwe dzimbiri lachipepuza sichilandira moto: ukachiyandikiza lawi chimangoboola, bowo n'kumathawa kutsogolo kwako.

Tidadula ndi tchizulo, sowo ya zitsulo ndi sizasi ya malata, popeza magetsi padalibe. Chigawo chachikulu cha pansi chidachoka, ndi makona onse awiri kuseri kwa matayala, momwe matope ofiira adaunjikana kwa zaka. Amalume adayamba awotcherera kachitsulo kopingasa pakamwa pa buti kuti thupi lisapotoke pamene pansi palibe. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kudzadabwa chitseko chikukana kutsekeka. Mwamwayi mitanda iwiri yakunsi, yomwe imayenda chamlitali, idapezeka yamoyo, kupatula kachigawo kamodzi kakafupi komwe tidakadula n'kuikapo chitsulo chokhuthalirapo.

Chitsulo cha chigamba sitinkagula m'sitolo. Malata a denga ayi, ngakhale adali ponseponse. Adakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ikapsa imatulutsa utsi woyera womwe umagoneka munthu usiku ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Mgolo wa oyilo unkathandiza pena, koma ndi wokhuthala ndiponso wouma kupinda. Chabwino koposa lidali denga kapena boneti ya galimoto yomwe idachita ngozi, chifukwa kukhuthala kwake n'kofanana, pafupifupi milimita imodzi, ndipo denga siligona m'madzi. Tidayenda wapansi mpaka ku Limbe kwa munthu wina wogulitsa zigoba, tidagula denga lathunthu, n'kubwera nalo pangolo yokankha.

Chigamba chimayamba ndi katoni. Amalume ankaika chikatoni pabowo, n'kuyendetsa chala chakuda ndi girizi m'mphepete kuti mzere udindike, kenako n'kudula, kuyesa, kudulanso, monga telala amachitira ndi pepala asanakhudze nsalu. Katoni ikakhala bwino ndi pomwe ankajambula pachitsulo. Pansi pa buti si pathyathyathya. Pali mizere yotukuka yomwe adaidinda kufakitale kuti lata lopyapyala likhale lolimba ndiponso lisamalire ngati ng'oma galimoto ikamayenda. Mizere imeneyi tidaibwezera yonse. Amalume adasema ngalande m'chipika cha mtengo wolimba, tidagoneka lata pamwamba, ine n'kugwira chitsulo chobulungira motsata ngalandeyo, iwo n'kumamenya pang'onopang'ono kuchokera kuno mpaka uko. Mzere uliwonse udayenera kukumana ndendende ndi mzere wakale wa pagalimoto. Ntchito imeneyi yokha idadya masiku atatu, ndipo ndi malo omwe mwini galimoto sadzawayang'ana n'komwe, chifukwa pamwamba pake pamabwera mphasa ndi katundu. Ndikaganiza za amalume, chimabwera m'maso mwanga ndi chimenechi: atawerama pachipika chija dzuwa likulowa, akuyendetsa chikhatho pamzere, maso atatsinzina.

Moto wathu udali wa gasi. Okosijeni tinkagula m'silinda, koma gasi woyaka tinkapanga tokha ndi kabaidi, miyala yotuwa ija yomwe ikakhudza madzi imabwadamuka n'kutulutsa asetilini. Ntchito yanga m'mawa uliwonse idali kutsuka chigubu chake, kuthiramo madzi atsopano, ndi kuonetsetsa kuti kabotolo ka madzi kotchinga moto kuti usabwerere m'paipi n'kodzaza. Phala loyera lotsalira amayi apafupi ankadzatenga kukapakira makoma. Lawi la asetilini ndi okosijeni limapitirira madigiri 3,000, ndiye taganizani kuliyandikiza pa lata la milimita imodzi.

Pali njira ziwiri zoikira chigamba. Yosavuta ndi kuchigoneka pamwamba pa chitsulo chakale, milomo n'kusanjikizana. Imafulumira, koma pakati pa malata awiriwo pamatsala kampata komwe madzi amalowa osatulukanso, ndipo dzimbiri latsopano limabadwira pomwepo. Amalume ankagundanitsa milomo mutu ndi mutu, popanda kusanjikiza, mpata wake wongokwana kupyapyala kwa lezala. Kuti zitheke, chigamba chimayenera kusemedwa ndi tupa mpaka chilowe ngati chitseko m'mphuthu yake.

Ndiye kuwotcherera. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimakhwinyata kuposa mmene chidalili, ndipo ukathamangitsa msoko wautali kamodzi, pansi ponse pamapindika ngati chikopa chouma padzuwa. Amalume ankadontheza kadontho kamodzi apa, n'kudumphira tsidya lina, kenako pakati, kenako pakona, kufikira chigamba chonse chitagwidwa ndi timadontho totalikirana ngati chikhatho. Akatero ankalumikiza timadonthoto pang'onopang'ono, kachigawo kotalika ngati chala, n'kuika tochi yowotcherera pansi. Msoko ukadali wofiira, ine ndinkakhala kunsi kwa galimoto nditakanikiza doli, iwo n'kumenya pamwamba ndi nyundo kuti chitsulo chokhwinyatacho chitambasukenso. Pambali pankakhala nsanza yonyowa yoletsa kutentha kufalikira. Ndikafulumira kusuntha doli ankangoti, "Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, mphwanga. Bwerera pomwe unali." Waya wodzazira msoko udali wachitsulo chofewa, wopalidwa mpaka kuyera. Mkuwa, womwe ena ankaukonda chifukwa umasungunuka msanga, iwo ankaukana pamalo onyamula katundu.

Ntheche zinkagwera m'khosi ndi m'manja mwa malaya. Timabala toyera tomwe tili pamkono wanga wamanzere n'ta masiku amenewo, ndipo ndimatiyang'ana mokondwa.

Ndimapita nthawi zina kukaona anyamata omwe akugwira ntchitoyi masiku ano. Ali ndi makina a MIG otulutsa waya okha, ali ndi magirayinda odula m'mphindi imodzi pomwe ife tinkatha theka la tsiku, ali ndi mankhwala a asidi osandutsa dzimbiri lapamwamba kukhala lakuda ndi louma. Zonsezi n'zabwino, ndikadakhala nazo ndikadazigwiritsa ntchito. Makina a MIG satenthetsa lata ngati gasi, choncho kupindika kumachepa. Chimandiwawa n'kuona wina ali ndi zida zonsezi koma akuyala fibreglass pamwamba pa dzimbiri, kapena akuthira mankhwala pachitsulo chomwe chatha kale. Mankhwala sabweza chitsulo chomwe chadyedwa. Ndipo 404 zomwe zatsala m'dziko muno n'zowerengeka. Iliyonse yomwe yamatidwa mwachinyengo ndiye kuti ikupita kwa ogula zitsulo zakutha.

Misoko itatha, amalume adatumiza uthenga kuti aphunzitsi abwere tisanapake kanthu. Ichi chidali chizolowezi chawo. Ankati penti akangopita, ntchito yabwino ndi yoipa zimafanana nkhope, ndiye mwini ndalama aone chitsulo chili maliseche. Aphunzitsi adabwera pabasi. Amalume adawapatsa sikuludiraiva yomwe ija.

"Bayani paliponse pomwe mukufuna."

Adabaya m'makona, adabaya pamsoko, adagwada n'kusuzumira kunsi, buluku lawo lakutchalitchi lili m'fumbi. Atadzuka adangogwira dzanja la amalume ndi manja awiri.

Tidatsuka chitsulo, tidapaka penti wofiira woletsa dzimbiri kawiri, m'kati ndi kunsi, tikukanikiza burashi kuti alowe m'misoko. Kunsi tidawonjeza phula lakuda, koma titadikira kuti penti aumiretu, popeza phula lopakidwa pachinyezi limatsekera mdani m'nyumba. M'mitanda yamphako, momwe burashi singafike, tidapoperamo oyilo wakale wa injini wosakaniza ndi girizi wotenthetsa. Pamalo otsika kwambiri a makona awiri aja amalume adaboola timabowo totulutsira madzi. Ndidadabwa kuona munthu akuboola pomwe watha masabata akutseka. Adati madzi sungawaletse kotheratu kulowa m'galimoto, koma ungawapatse khomo lotulukira.

Ine ndinkayesa tamaliza. Tidabwezera thanki, mawaya, nyale ndi bampala. Koma amalume adati feteleza payekha sakadawoletsa chonchi, madzi ankalowa penapake, ndipo tikapanda kupapeza ndiye kuti tangokonzera dzimbiri mbale yatsopano. Adandipatsa tochi ya mabatire n'kundiuza kuti ndilowe m'buti.

Adatseka. Mudali mdima ndi fungo la penti watsopano. Ndidamva ndowa ikulira, kenako madzi akukhuthukira pamwamba panga, kuyambira m'munsi, panyale, n'kumakwera pang'onopang'ono, kuti tidziwe msinkhu womwe alowera. Panyale yakumanja padali pouma. Pa yakumanzere kadontho kadatuluka kuseri kwa bawuti, kadanenepa, n'kutsetsereka molunjika kukona komwe kudali bowo lalikulu. Ndidagogoda kamodzi monga tidapanganirana. Atafika pachitseko, madzi adadzaza ngalande yozungulira pakamwa pa buti n'kusefukira m'kati pomwe labala adauma n'kung'aluka. Ndidagogoda kawiri. Pagalasi lam'mbuyo, pakona yam'munsi, padatulukanso kamzere kowonda ngati ulusi, koyenda mobisala kunsi kwa shelefu. Kameneka ndikadapanda tochi sindikadakaona.

Labala watsopano wa 404 sankapezeka nthawi imeneyo. Wa kuseri kwa nyale tidadula pachubu cha tayala la lole, motsata chikatoni. Wa pachitseko tidaupeza kwa munthu wa ku Limbe yemwe uja, pagalimoto ina, wofewa bwino, tidaumata ndi guluu. Pagalasi tidatukula mlomo wa labala ndi kamtengo kosalala n'kufinyiramo phala lakuda losauma. Ngalande tidaichotsa masamba ndi dothi lomwe lidatseka potulukira madzi. Ndidalowanso kachiwiri, adathira ndowa zinayi, ndipo ndidatuluka ndi malaya ouma.

Tsiku lodzatenga galimoto aphunzitsi adabwera ndi mayi akunyumba. Amalume adali atakhoma kathandala ka timatabwa totalikirana, kokwana pansi pa buti, kuti katundu asamagone pachitsulo ndiponso mpweya uzidutsa kunsi. Ziguduli zija adazitentha. Adalangiza kuti feteleza akanyamulidwa aziyalira pulasitiki, akatsitsa azisesa ndi kupukuta tsiku lomwelo, ndipo dzuwa likawala pambuyo pa mvula azisiya buti yotsekula kwa ola limodzi. Mayi aja ndiwo ankamvetsera kwambiri, akubwereza mawu amodzimodzi. Kenako adatulutsa m'dengu nsalu yoyera yomwe adakulungiramo nthochi ndi mapeyala a ku Thyolo, zipatso adatipatsa ife, nsaluyo adaipinda bwinobwino n'kuiika pakathandala kaja, natseka buti ndi dzanja lawo.